Kuphwanya Nambala Yaikulu: Phunziro la pa 720,720

Ana ambiri a m'makalasi a pamwamba m'sukulu zathu za pulayimale amadziŵa kuŵerenga nambala yaikulu mokweza, kuilemba m'kope, ngakhalenso kuiwonkhetsa ndi inzake. Koma mphunzitsi akalemba pa bolodi nambala ya madijiti 6 nafunsa kuti, "Kodi nambala iyi njotani?" kalasi yonse imangoti zii. Kwa iwo nambala yotere ili ngati thumba lomangidwa kukamwa: kulemera kwake akukumva, koma za m'katimo sazidziŵa. Cholinga cha phunziro lino ndicho kukusonyezani, inu amene mukukonzekera ntchito ya uphunzitsi, kamasulidwe ka thumbalo. Titenga nambala imodzi yokha, 720,720, ndi kuifufuza mpaka titadziŵa magulu amene akatswiri a masamu amaiikamo, ndiponso chifukwa chimene amaiikira m'menemo. Chifukwacho ndicho chofunika koposa, pakuti dzina la gulu mwana angathe kuliloŵeza pamtima lero n'kuliiŵala maŵa.

Tisanapite patali tigwirizane za mawu. Madijiti ndi zizindikiro khumi zija, kuyambira 0 mpaka 9, zimene timalembera nambala zonse. Pogaŵa timanena kuti 3 iloŵa kanayi mu 12. Nambala yoloŵa mu inzake popanda chotsala mabuku a Chingerezi amaitcha factor. Ife muno tiziti yoloŵamo. Motero zoloŵamo za 12 ndi 1, 2, 3, 4, 6 ndi 12 yomwe. Nambala imene zoloŵamo zake zili ziŵiri zokha, 1 ndi iyo mwini, imatchedwa prime, monga 2, 3, 5, 7, 11 ndi 13. Dzina limeneli tilisiya momwemo popeza ndilo ana adzakumana nalo pa mayeso, koma powafotokozera mungathe kunena kuti ndi nambala yosaphwanyika.

Zimene maso angaone

Musayambe ndi kugaŵa kwakutali. Afunseni ana zimene angathe kunena za 720,720 asanakhudze pensulo. Wina adzaona kuti imathera ndi 0, choncho 2, 5 ndi 10 ziloŵamo. Wina adzawonkhetsa madijiti, 7 + 2 + 0 + 7 + 2 + 0, napeza 18, nati 3 ndi 9 ziloŵamo. Madijiti aŵiri omaliza ndi 20, ndiye kuti 4 iloŵa. Atatu omaliza ndi 720, m'mene 8 iloŵa ka 90, ndiye kuti 8 iloŵanso m'nambala yonse.

Malamulo ameneŵa ali m'mabuku ndipo ana amawagwira msanga. Chovuta n'chakuti aphunzitsi ambiri amawapereka ngati mankhwala a kwa sing'anga, amene munthu amangomwa osafunsa kuti muli mtengo wanji. Tsiku lina, mwina pa nthaŵi yoyeserera kuphunzitsa, mlangizi wanu atakhala kumbuyo kwa kalasi ndi kope lake, mwana adzakufunsani kuti, "Aphunzitsi, bwanji kuwonkhetsa madijiti kumathandiza pa 9 koma pa 7 ayi?" Yankho muyenera kukhala nalo, ndipo nali. 10 ndi 9 kuwonjezapo 1. 100 ndi 99 kuwonjezapo 1. 1,000 ndi 999 kuwonjezapo 1. Tsono tengani 720. Mahandiredi 7 ndi ma 99 okwana 7, n'kutsala 7. Makumi 2 ndi ma 9 aŵiri, n'kutsala 2. Mu 99 ndi mu 9 momwe, 9 imaloŵa bwinobwino, kotero zimenezo tiziike pambali. Zotsala m'manja ndi 7 ndi 2, madijiti omwe aja. Ngati 9 iloŵa m'zotsalazo zitawonkhetsedwa, iloŵa m'nambala yonse. Pa 7 sizitheka chifukwa zotsala zake sizifanana: mukagaŵa 10 ndi 7 patsala 3, pa 100 patsala 2, pa 1,000 patsala 6. Lamulo la 4 ndiye losavuta: 4 imaloŵa mu 100, choncho mahandiredi ndi masauzande onse alibe mlandu, nkhani yatsala pa madijiti aŵiri omaliza.

Mwana watcheru adzaonanso china, chakuti 720 yalembedwa kaŵiri. Ichi si chokongoletsa chabe. 720,720 ndi masauzande 720 kuwonjezapo 720, ndiko kuti 720 × 1,000 kuphatikizapo 720 × 1, ndipo zimenezi ndi 720 × 1,001. Nayo 1,001 ndi 7 × 11 × 13. Alekeni ana achulukitse okha: 7 × 11 ndi 77, ndipo 77 × 13 ndi 1,001.

Apa pali seŵero limene limadzutsa kalasi ngakhale dzuŵa litatentha. Mwana aliyense asankhe nambala ya madijiti 3 osauza mnzake, ailembe kaŵiri mondondozana. Wosankha 358 alemba 358,358. Muwauze agaŵe ndi 7, ndipo mulonjezeretu kuti sipakhala chotsala; uyu apeza 51,194. Yankholo aligaŵe ndi 11, apeza 4,654. Agaŵenso ndi 13, ndipo 358 yake ija yabwerera. Ana amafuula ndi kudabwa, ndipo mphunzitsi amakopeka kuti alekere pomwepo, aoneke wamatsenga. Musatero. Afunseni chimene chachititsa. Kulemba nambala ya madijiti 3 kaŵiri ndiko kuichulukitsa ndi 1,001; kugaŵa ndi 7, 11 ndi 13 ndiko kumasula chimene adamanga okha. Pamwamba pa izi seŵeroli limadziwongolera lokha: mwana amene wapeza chotsala amadziŵa kuti waphonya penapake, inu musanachonge kope lake.

Mtima wa phunziro

Tsopano yatsala 720 yokha. Iyo ndi 72 × 10. 72 ndi 8 × 9. 10 ndi 2 × 5. Tikapitiriza mpaka pasatsale chophwanyika, tipeza izi:

720,720 = 2 × 2 × 2 × 2 × 3 × 3 × 5 × 7 × 11 × 13

Mzere umenewu ulembeni pamwamba pa bolodi ndipo musaufafanize mpaka phunziro litatha, pakuti mafunso onse otsatira ayankhidwa poyang'ana pamenepo. Komabe ndi bwino kuti ana aufikire podzera njira zosiyana. Gaŵani kalasi m'magulu. Gulu lina liyambe ndi 10 × 72,072, lina ndi 720 × 1,001, lina ndi 24 × 30,030. Onse adzathera pa ma 2 anayi, ma 3 aŵiri, ndi 5, 7, 11, 13. Sizingochitika mwamwayi. Nambala iliyonse yoposa 1 ili ndi kaphwanyidwe kamodzi kokha, ngakhale munthu ayambire pati. Maziko a mfundo imeneyi ali m'mabuku a Euclid wa ku Alexandria, amene adakhalako zaka pafupifupi 300 Khristu asanabadwe, ndipo Carl Friedrich Gauss wa ku Germany adaitsimikiza momveka bwino m'buku lake la m'chaka cha 1801. N'chifukwa chakenso 1 saiŵerengera pa nambala za prime. Ikadaŵerengeredwa, bwenzi 6 ili 2 × 3, ilinso 1 × 2 × 3, ilinso 1 × 1 × 2 × 3, osafika potha, ndipo kaphwanyidwe sikakadakhalanso kamodzi.

Tsono funsani, mukuloza mzere uja. Kodi 14 iloŵa? Inde, pakuti 2 alipo ndi 7 alipo. Nanga 91? Ndi 7 × 13, iloŵa. Nanga 16? Ifuna ma 2 anayi, ndipo alipo anayi ndendende. Nanga 32? Ifuna asanu, choncho siiloŵa. 27 ifuna ma 3 atatu pamene alipo aŵiri. 25 ifuna ma 5 aŵiri. 17 mulibe m'mzeremo. Wokayika agaŵe, adzapeza 42,395 n'kutsala 5. Pa 32 imanipo pang'ono, chifukwa pali msampha umene umakola ana ochenjera omwe. Amati, "4 iloŵa, 8 iloŵanso, ndiye 32 iloŵa, poti 4 × 8 ndi 32." Iwo aŵerengera ma 2 omwewo kaŵiri. Chitsanzo chaching'ono chimawamasula: mu 12 muloŵa 4 ndi 6, koma 24 siingaloŵe mu 12.

Gulu loyamba limene 720,720 ilimo tingalione tsopano. Iyo ndi nambala yaing'ono koposa imene nambala zonse kuyambira 1 mpaka 16 zimaloŵamo. M'mawu a m'mabuku, ndi L.C.M. ya nambala zimenezi. Taonani chifukwa chake. Kuti 16 iloŵe pafunika ma 2 anayi, ndipo amenewo akwanira kale pa 2, 4 ndi 8. Kuti 9 iloŵe pafunika ma 3 aŵiri. Kenaka 5, 7, 11 ndi 13, iliyonse kamodzi. Zina zonse, monga 6, 10, 12, 14 ndi 15, zimangidwa kuchokera pa zomwezi. Mulibe chapadera m'mzeremo: mukachotsa 2 imodzi mutsala ndi 360,360, m'mene nambala zonse mpaka 15 ziloŵa koma 16 ikana, mukachotsa 13 mutsala ndi 55,440, ndipo 13 yatayika. Kwa ana amene 720,720 yawakulira, yambani ndi 60, imene ichita chimodzimodzi pa 1 mpaka 6, kenaka 2,520 ya 1 mpaka 10.

Zoloŵamo zilipo zingati?

Funso ili mukalipereka popanda chithandizo, ana adzayamba kulemba 1, 2, 3, 4 mpaka kutopa, ndipo palibe amene adzadziŵe ngati wamaliza. Bwererani kaye ku 12, imene ili 2 × 2 × 3. Pomanga nambala yoloŵa mu 12, ma 2 mungawasiye onse, mungatenge imodzi, kapena mungatenge aŵiri: njira zitatu. 3 mungaisiye kapena kuitenga: njira ziŵiri. Lembani pa bolodi mizere iŵiri:

1, 2, 4
3, 6, 12

Mzere wachiŵiri ndi woyamba womwe utachulukitsidwa ndi 3. Njira 3 × 2 zapatsa zoloŵamo 6. Mukabweretsa 5, kuti nambala ikhale 60, zoloŵamo zonse zisanu ndi chimodzi zija zikhalapobe, ndipo iliyonse ibala inzake yochulukitsidwa ndi 5, zikhala 12. Mwana akamvetsa kuŵirikiza kumeneku, zotsalazo n'zosavuta. Mu 720,720 ma 2 alipo anayi, ndiye njira ndi 5. Ma 3 alipo aŵiri, njira ndi 3. Pa 5, 7, 11 ndi 13 njira ndi ziŵiriziŵiri.

5 × 3 × 2 × 2 × 2 × 2 = 240

Zoloŵamo zilipo 240, ndipo taziŵerenga popanda kuzilemba. Zimayenda ziŵiriziŵiri: 1 ndi 720,720, 2 ndi 360,360, 3 ndi 240,240, mpaka pakati pamene ziŵiri zoyandikana koposa ndi 840 ndi 858. Munthu atakhala ndi mbande 720,720 nafuna kuzibzala m'mizere yofanana, munda wake ungayandikire kukhala wofanana mbali zonse pa mizere 840 ya mbande 858 uliwonse. Kufanana kwenikweni sikungatheke, chifukwa nambala imeneyi si sikweya: 848 × 848 ndi 719,104, pamene 849 × 849 ndi 720,801. Mzere wathu udanena kale zimenezi. Kuti nambala ikhale sikweya, ma prime ake ayenera kugaŵika m'milu iŵiri yofanana, koma 5, 7, 11 ndi 13 zili zokhazokha.

Kodi 240 ndi zambiri? Yerekezani ndi 1,000,000, imene ili yaikulu kuposa yathu. Iyo ndi ma 2 asanu ndi limodzi ndi ma 5 asanu ndi limodzi, choncho zoloŵamo zake ndi 7 × 7, ndiko kuti 49 zokha. Zoona zake n'zakuti palibe nambala yochepera 720,720 imene ili ndi zoloŵamo zofika 240. Nambala yoposa zinzake zonse za m'munsi mwake pa kuchuluka kwa zoloŵamo imatchedwa highly composite, dzina limene lidachokera kwa Srinivasa Ramanujan wa ku India m'nkhani yake yaitali imene idasindikizidwa ku London m'chaka cha 1915. Mndandanda wake umayamba ndi 1, 2, 4, 6, 12, 24, 36, 48, 60, 120. Yotsogolera 720,720 pa mndandandawo ndi 665,280 ya zoloŵamo 224, ndipo yotsatira ndi 1,081,080 ya zoloŵamo 256. Izi ana sangazitsimikize m'kalasi, ndipo muwauze poyera kuti mfundo iyi akuilandira kwa ena. Koma mpaka 60 angathe kufufuza okha, ndipo ayenera kutero.

Anthu adazindikira ubwino wa nambala zotere kalekale, dzina lisanabwere. Ola lili ndi mphindi 60 ndipo bwalo lili ndi madigiri 360, choloŵa chochokera kwa anthu a ku Babylon amene ankaŵerengera m'ma 60. Plato wa ku Athens, polemba za kayendetsedwe ka mzinda wabwino, adasankha kuti mabanja a eni malo akhale 5,040, popeza nambala imeneyi imagaŵika ndi zonse kuyambira 1 mpaka 12 kupatula 11. Yathuyi ndi ya Plato yomweyo itachulukitsidwa ndi 11 ndi 13. Kuno kwathu agogo a ana anuwo akukumbukira ndalama zakale. Dziko la Malaŵi lisanayambe kwacha ndi tambala m'chaka cha 1971, sheleni inali makobiri 12 ndipo paundi inali masheleni 20, ndiko kuti makobiri 240. Anthu atatu ankagaŵana paundi popanda mkangano, aliyense makobiri 80. Koma matambala 100 pa anthu atatu imatsala imodzi. 240 ili ndi zoloŵamo 20, pamene 100 ili nazo 9. Ndalama zoŵerengera m'makumi zidapeputsa kulemba ndi kuwonkhetsa, ndipo palibe mphunzitsi amene angafune kubwerera ku masamu a masheleni. Komabe pa kugaŵa zakalezo zinali ndi nzeru yake.

Yokwanira, yopereŵera, yosefukira

Pali kagaŵidwe kena kakale, kamene kadalembedwa ndi Nicomachus wa ku Gerasa cha m'ma 100 Khristu atabadwa. Tengani nambala, wonkhetsani zoloŵamo zake zonse kusiya iyo mwini. Pa 6 mupeza 1 + 2 + 3, ndiyo 6 yomweyo: nambala yokwanira ndendende, imene Chingerezi chimati perfect. Pa 10 mupeza 1 + 2 + 5, ndiyo 8: yopereŵera, kapena kuti deficient. Pa 12 mupeza 1 + 2 + 3 + 4 + 6, ndiyo 16: yosefukira, kapena kuti abundant. Zokwanira ndendende n'zosoŵa kwambiri. Zoyamba ndi 6, 28, 496 ndi 8,128, ndipo yachisanu ndi 33,550,336. Zonse zodziŵika zimagaŵika ndi 2, ndipo mpaka lero palibe amene adatsimikiza ngati ilipo kapena palibe yosagaŵika ndi 2. Nkoyenera kuti ana amve zimenezi, chifukwa ambiri amaganiza kuti mayankho onse a masamu ali kumapeto kwa buku la aphunzitsi.

Nanga 720,720 ili m'gulu liti? Mwana wakhama adzausa moyo poganiza zowonkhetsa nambala 239. Muuzeni atenge zazikulu zitatu zokha: theka lake, 360,360, gawo limodzi mwa atatu, 240,240, gawo limodzi mwa anayi, 180,180. Zitatuzi zapanga kale 780,780. Mlandu watha, nambala yathu njosefukira. Ndipo chimene wapezacho nchachikulu kuposa funso limene adafunsidwa: theka, gawo la atatu ndi gawo la anayi zikaphatikizidwa zimaposa chinthu chathunthu, choncho nambala iliyonse imene 12 imaloŵamo njosefukira.

Inu aphunzitsi mungafune chiŵerengero chenicheni. Yang'ananinso mizere iŵiri ya 12 ija. Woyamba uwonkhetsa 7. Wachiŵiri ndi 7 yomweyo katatu. Zonse pamodzi ndi 7 × 4, ndiyo 28, ndipo mukachotsa 12 mutsala ndi 16 imene tidapeza. 7 yachokera pa 1 + 2 + 4, ndipo 4 yachokera pa 1 + 3. Pa 720,720 chitani chimodzimodzi: 1 + 2 + 4 + 8 + 16 ndi 31, 1 + 3 + 9 ndi 13, kenaka 6, 8, 12 ndi 14. Mukachulukitsa 31 × 13 × 6 × 8 × 12 × 14 mupeza 3,249,792. Chotsanipo 720,720, patsala 2,529,072, ndiko kuti nambala yathu katatu ndi theka n'kupitirirako pang'ono.

Anansi aŵiri

Gawo ili ndilo ndikuliona lofunika koposa pa kuphunzitsa kuganiza, ndipo musalidumphe ngakhale nthaŵi ichepe. Lembani 720,721 pa bolodi. Yasiyana ndi yathu ndi 1 yokha. Afunseni ana nambala zimene ziloŵamo. Adzayesa 2, patsala 1. Adzayesa 3, patsala 1. Mpaka 16 chotsala ndi 1 nthaŵi zonse, ndipo wina adzazindikira chifukwa chake: nambala iliyonse yoposa 1 imene iloŵa mu 720,720 siingaloŵenso mu mnansi wake. Posakhalitsa dzanja lidzakwera: "Aphunzitsi, ndi prime!" Musavomere ndipo musakane. Funsani kuti, "Wadziŵa bwanji?" Akayesa 17, 19, 23, 29 ndi kupitirira, zonse zikana, ndipo chikhulupiriro cha kalasi chidzakula. Ma prime 19 oyamba onse akana. Wa nambala 20, amene ndi 71, aloŵa:

720,721 = 71 × 10,151

Mnansi wa m'munsi nayenso ngonyenga, ngakhale amagonja msanga: 720,719 = 31 × 67 × 347. Taonani kusiyana kwake. Nambala yathu ili ndi zoloŵamo 240. Mnansi wa m'munsi ali nazo 8, wa pamwamba 4 zokha, ndipo 1 + 71 + 10,151 ndi 10,223, kupereŵera koopsa. Madijiti ofanana sanena kanthu za chibale. Chibale cha nambala chili m'ma prime ake.

Tsono mwana ayese mpaka pati asananene kuti nambala ndi prime? Yankho lili m'kuyenda kuŵiri kuja. Ngati nambala iphwanyika, zoloŵamo ziŵiri zochulukitsana sizingakhale zonse zazikulu kuposa 848, popeza 849 × 849 yapitirira kale. Choncho kuyesa kuyenera kufika pa 848, ndipo ma prime okha ndiwo ofunika kuyesa, alipo 146. Wolekera pa 19 sadatsimikize kanthu. Pomutonthoza mwana amene wakodwa, muuzeni za Pierre de Fermat wa ku France. Iye adaona kuti 3, 5, 17, 257 ndi 65,537 zonse ndi prime. Nambala zimenezi zimapezeka poyamba ndi 2, kuichulukitsa ndi iyo yomwe kupeza 4, kenaka 16, 256, 65,536, ndi kuwonjeza 1 pa iliyonse. M'chaka cha 1640 adalembera anzake kuti akukhulupirira kuti zonse za mtundu umenewu ndi prime. M'chaka cha 1732 Leonhard Euler adasonyeza kuti yotsatira yake, 4,294,967,297, ndi 641 × 6,700,417.

Chinanso chimatuluka pomwepa mosavutikira. Popeza 2 iloŵa mu 720,720, iloŵanso mu 720,722. 3 iloŵa mu 720,723. 7 iloŵa mu 720,727. Motero mpaka 16 mu 720,736. Kumbuyo nako n'chimodzimodzi, kutsika mpaka 720,704. Anansi aŵiri aja tawaphwanya kale. Ndiye kuti kuyambira 720,704 mpaka 720,736 pali nambala 33 zondondozana popanda prime ngakhale imodzi, ndipo mwana wa Sitandade 8 angathe kufotokoza chifukwa chake pa iliyonse.

Za kakonzedwe ka phunziro

Zonsezi sizingaloŵe m'phunziro limodzi la mphindi 35 kapena 40. Malamulo a kugaŵika ndi seŵero la 1,001 zikwana tsiku limodzi; kuphwanya ndi mafunso a "kodi iloŵa?" tsiku lina; kuŵerenga zoloŵamo kufuna tsiku lakelake, ndipo kuyambe ndi miyala kapena zitsekerero za mabotolo 12, kenaka 24, zimene ana azifoletsa m'mizere yofanana m'njira zonse zimene angapeze. Kalasi ikakhala ya ana ambiri, lembani ma prime khumi aja pa timakadi, gulu lililonse timakadi take. Mukatchula 66 kapena 45 ana akweze timakadi toyenera, ndipo mukatchula 50 muone amene azindikire kuti kadi yachiŵiri ya 5 palibe. Makina oŵerengetsera, kaya a pa foni, ali ndi malo pa anansi aŵiri aja pamene kugaŵa kuli kochuluka. Pa zina zonse akhale m'thumba. Mawu monga abundant ndi highly composite musawalembetse pa chiyambi. Abwere pamene ana apeza kale chinthucho ndipo akufuna dzina lochitchulira.

Musanakaime pamaso pa ana, yesani nokha 510,510. Pa maso ikufanana ndi yathu, ndipo 7, 11 ndi 13 ziloŵamo pa chifukwa chomwe chija. Koma 510 ndi 2 × 3 × 5 × 17, kotero ma prime ake ndi 7, aliyense kamodzi kokha. Sonyezani kuti 4 ndi 9 siziloŵamo, ndi kuti zoloŵamo zake ndi 128. Popeza 12 siiloŵa, njira yathu yachidule ya theka, gawo la atatu ndi gawo la anayi siigwira. Yesani theka, gawo la atatu ndi gawo la 6: 255,255 + 170,170 + 85,085. Onani chimene mupeze, kumbukirani kuti 1 nayo ndi yoloŵamo imene simunaiŵerengere, ndipo nenani gulu limene nambala iliyonse yoposa 6, imene 6 imaloŵamo, iyenera kukhalamo.